Funsani za Pansi Pathu: mizere ya m'mwala wa kwale

Mwezi uno makalata okhudza miyala abwera ambiri, ndipo ndasankhapo asanu. Yoyambayi ndiyo yanditengera malo ambiri, chifukwa mayi amene wailemba anatulukira ndi dzanja lake chinthu chimene ine ndinachimva koyamba m'kalasi ndili bambo wandevu kale.

"Bambo mlembi, ine ndimaphwanya miyala ya kwale m'mbali mwa msewu kufupi ndi Nathenje, ndipo chino ndi chaka changa chachisanu ndi chiwiri pa ntchitoyi. Miyala yambiri imene anyamata amatigumulira imakhala ya mizere, wakuda, woyera, wakuda, woyera, ngati chitenje. Ndikamenya motsata mzere mwala umang'ambika msanga, koma ndikamenya modutsa mizere hamala imangodumpha, dzanja n'kuchita dzanzi. Anzanga amati ndi mmene unalengedwera basi. Sindikutsutsa, koma ndikufuna kudziwa: mizereyi inalowa bwanji m'kati mwa mwala wouma chonchi?" Mayi wa ku Nathenje, Lilongwe

Mayi, dzanja lanu silinakunamizeni. Mwala wa mizerewo m'mabuku amaulemba kuti gneiss, potchula timati nayisi. Si wa ku Nathenje kokha ayi. Okumba mijigo ku Kasungu, ku Dowa, ku Ntcheu kapena ku Blantyre akapitirira dothi lofiira lija, kawirikawiri amakagunda pa thanthwe lomweli kapena pa abale ake. Mbali yaikulu ya Malawi yakhala pa thanthwe limeneli ngati nyumba pa maziko.

Mawa mukafika pa ntchito, tolani kachidutswa kongosweka kumene, mukanyowetse ndi madzi, mukayang'ane padzuwa. Muona kuti mwala si chinthu chimodzi ngati chitsulo cha khasu. Ndi timibulu tambirimbiri tolumana. M'mizere yoyera muli timibulu tooneka ngati galasi losweka, timeneto ndi quartz, ndi tina toyera ngati mkaka, mwina tofiirirako pang'ono, totchedwa feldspar. M'mizere yakuda muli timapepala tonyezimira tomwe mungatimatule ndi nsonga ya mpeni, dzina lake biotite, wa m'banja la mica, komanso tina tooneka ngati zinyenyeswa za makala, hornblende. Tsono yang'anitsitsani timapepala takudato. Tonse tagona mbali imodzi, palibe koimirira. Yankho la funso lanu likuyambira pamenepo.

Ine ndinakulira ku fodya, ndipo ndikamaona nayisi ndimakumbukira tsiku lodinda mabelo. Fodya akamalowa m'bokosi amakhala wotukumuka, masamba ena opindika, ena oloza uku ndi uku. Mukayamba kupukusa jeke, thabwa n'kumatsika, tsamba lililonse limagona thyathyathya mopingasa ndi kumene mphamvu ikuchokera. Belo likatuluka, kulitsegula motsata mmene masamba agonera n'kosavuta, mmene amachitira ogula ku okushoni. Koma yesani kuling'amba ndi manja kuchokera pamwamba kutsika pansi, mutopa pachabe. Mwala wanu unadindidwa chimodzimodzi. Timapepala ta mica tinamera ndi kugona mopingasa mphamvu imene inkaufinya, ndipo pamene tagona tambiri ndi pamene pali pofooka. Hamala yanu imapeza njira pamenepo.

Kufinyako kunali kotani? Mwala ndi wolemera pafupifupi katatu kuposa madzi. Mukatsika pansi kilomita imodzi, miyala ya pamwamba panu imatsikiza makilogalamu pafupifupi 270 pa kamalo kofanana ndi chikhadabo cha chala chaching'ono. Pa makilomita 25, kumene miyala yonga yanuyi imapangika, ndi makilogalamu 6,750 pa kachikhadabo komweko. Werengani matumba a chimanga a makilogalamu 50: akukwana 135, onse atasanjikizana pa chikhadabo chimodzi. Komabe kulemera kwa pamwamba kokhaku kumafinya mwala mbali zonse mofanana, ngati mmene madzi amagwirira munthu wosambira pansi pa nyanja. Kuti timibulu tigone mbali imodzi pamafunika kukankha kwina kopambana kuchokera mbali imodzi, ndipo kumeneku kumabwera pamene zigawo zikuluzikulu za dziko zikuwombana.

Jeke payekha sangapatule zakuda ndi zoyera. Panafunikanso kutentha. Pansi pa dziko pamatentha, ndipo m'madera ambiri kutenthako kumakwera ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse imene mwatsika. Madzi otentha a ku Chiweta, ku Nkhotakota ndi ku Liwonde ndi madzi a mvula omwe analowa m'ming'alu, kukafunda pansi, n'kubwerera. Bambo anga anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ku Joni nthawi ya Wenela, ndipo ankatiuza tili pamoto madzulo kuti kunsi kuja ukatsamira khoma la mgodi umachita kudzidzimuka, mwala wofunda ngati chiwaya chongophula kumene. Ife ana tinkayesa nthano. Koma ku mgodi wa Mponeng, umene watsika pafupifupi makilomita 4, thanthwe limatentha kupitirira madigiri 60, mpaka amachita kutsitsirako madzi oundana kuti anthu athe kugwira ntchito. Ndipo kumeneko ndi dera limene kutentha kumakwera mochedwa poyerekeza ndi madera ena.

Tsono pa makilomita 25 kapena 30, mwala umakhala pa madigiri 600, 700, mwina kuposa. Sunasungunuke, udakali mwala, koma suli wouma gwa ngati uwu mukuphwanyawu. Umapindika pang'onopang'ono ngati kandulo yoiwalika padzuwa. Timibulu takale timatha, tatsopano n'kumera m'malo mwake. Mizere ina ndi yakalekale, ya matope ndi mchenga zomwe zinasanjikizana pansi pa madzi mwala usanakhale mwala, ndipo inangophwatalala ndi kutalika. Ina inabadwira m'kutentha momwemo, zokhala ndi chitsulo zikusonkhana pazokha, quartz ndi feldspar pazokha. Mukadzapeza mwala wokhala ndi mitsempha yoyera yonenepa, yokhotakhota ngati matumbo a nkhuku, dziwani kuti umenewo unafika pakhomo penipeni pa kusungunuka: zoyerazo zinayamba kuyenderera, zakuda zikadali zolimba. Umenewo amautcha migmatite, ndipo m'dziko muno ngwosasowa.

Mwina mukufunsa kuti makilomita 25 a miyala imene inali pamwamba pa Nathenje inapita kuti. Zaka pakati pa 650 ndi 500 miliyoni zapitazo, zidutswa za mtunda zinawombana n'kupanga dziko limodzi lalikulu lotchedwa Gondwana, mmene munali Africa, India, Madagascar, Antarctica, Australia ndi South America. Pamsoko pamene zinakumana panatukumuka mapiri ataliatali, monga mmene Himalaya watukumukira kuyambira pamene India anagunda Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo. Msoko umenewu ukutsika kuchokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa kudzera ku Kenya, Tanzania ndi Malawi mpaka ku Mozambique, ndipo katswiri wa ku Britain Arthur Holmes anautcha Mozambique Belt mu 1951. Mwala wanu unali muzu wa mapiri amenewo. Mvula ndi mitsinje zinaperesa mapiriwo, ndipo katundu akamachepa pamwamba, za pansi zimakwera, ngati boti la ku Nkhata Bay likamatsitsidwa matumba. Tiwerengere limodzi: makilomita 30 kugawa ndi zaka 500 miliyoni, pa chaka pakuchoka kadothi kosakwana n'komwe kuchindikala kwa pepala limene mukuwerengali. Nthawi ndiyo inachuluka.

Ndisanakusiyeni, mayi, pali chinthu chimene chikundiwawa mumtima. Quartz uja akasanduka fumbi n'kulowa m'mapapo satulukamo. Amalasa mapapo pang'onopang'ono mpaka munthu kumabanika pongokwera kachitunda, matenda amene madokotala amati silicosis, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Bambo anga anabwera nawo kuchokera ku migodi, ndipo chifuwa chawo ndimachimvabe usiku ndikakumbukira. Muziwaza madzi pa mulu musanayambe kuphwanya. Muzikhala mbali imene mphepo ikuchokera kuti fumbi lizikuthawani. Kansalu kapakamwa n'kothandiza pang'ono chabe, masiki enieni a fumbi ndiwo abwino mukawapeza, komanso magalasi otchinga maso. Ndipo mwana asakhale kumsana kapena pafupi ndi mulu pamene mukumenya.

"Bambo mlembi, ndili Fomu 3. Aphunzitsi a jogalafe anatiuza kuti limestone akatenthedwa amasanduka marble. Koma kwathu kuno anthu amawotcha miyala ya ku mapiri a Chenkumbi ndipo chimatuluka ndi laimu wa ufa, osati mwala wokongola. Kodi buku likulakwa kapena ndine sindinamve?" Mtsikana wa ku Balaka

Mwanangu, unamva bwino, ndipo buku silikulakwa. Langodumpha mawu amodzi. Funso lako linavutitsa anthu ophunzira ku Ulaya zaka zoposa 200 zapitazo, mwa mawu omwewa.

Limestone ndi marble onse apangidwa ndi calcite, amene mwa iye muli calcium, kaboni ndi oxygen. Ukawotcha mwala wotere mu uvuni wotsegula mpaka madigiri pafupifupi 900, mpweya wa carbon dioxide umathawa n'kupita ndi utsi. Ngati mwala uli wa calcite yekhayekha, pa makilogalamu 100 amene walowetsa pamatsala 56 a laimu, 44 apita mumlengalenga. N'chifukwa chake miyala yopsa imapepuka, funsa aliyense amene anaphulapo uvuni wa laimu. Ndiye pamene James Hutton wa ku Scotland ankanena kuti kutentha kwa pansi pa dziko ndiko kumalimbitsa ndi kusintha miyala, omutsutsa ankati: nanga limestone, si akanasanduka laimu? Mnzake James Hall anaganiza zoyesa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 ankatenga choko wopera, kumuthira m'mipope ya mfuti, kutseka kolimba mbali zonse, n'kuika m'ng'anjo. Mipope yambiri inkaphulika kapena kudontha mpweya, koma anapirira kambirimbiri. Mwa imene inapirira moto osatulutsa mpweya munatuluka mwala wolimba wa timibulu tonyezimira, wonga marble. Mawu amene buku lako ladumpha ndi akuti: motsekeredwa. Pansi pa dziko mpweya ulibe kothawira, choncho calcite sapsa. Timibulu take timangokula n'kulumana, ndipo zigoba za tizilombo ta m'nyanja zimene zinali mu limestone zimafafanizika.

Chinanso, mwala wa ku Chenkumbi umene anthu akwanu amawotcha ndi marble kale. Unaphikidwa kunsi nthawi ya mapiri aja ndafotokozera mayi a ku Nathenje. Chimodzimodzi wa ku Changalume ku Zomba, umene kwa zaka zambiri unkadyetsa fakitale ya simenti ya ku Blantyre. Tenga kachidutswa kosawotcha, uswe, uone mmene kakuthwanimira ngati shuga wa mibulu. Mpeni umakanda mosavuta. Ukapala kaufa pang'ono n'kudonthezapo viniga, umva kakuchita thovu. Mwala woyera umene mpeni ukulephera kukanda ndipo sukuchita thovu, kawirikawiri ndi quartzite, mchenga wakale umene unalumana ndi kutentha.

Pa mayeso adzakufunsa za mitundu iwiri ya kusinthaku, ndipo uvuni wa njerwa ungakuthandize kukumbukira umodzi. Njerwa za pafupi ndi ngalande za moto zimapsa mpaka kuda ndi kulira ngati chitsulo ukazigogoda, za pakati zimafiira bwino, za kunja zimatsala zosapsa. Chiphalaphala cha moto chikalowa pakati pa miyala yozizira chimachita zomwezo: chimaphika miyala yoyandikana nacho, mamita ochepa kapena makilomita angapo, popanda kufinya kwambiri, ndipo mwala wotulukapo sukhala ndi mizere. Imeneyo ndi contact metamorphism. Inayo, regional metamorphism, ndi ya pansi pa mapiri, yogwira dera lonse, moto ndi jeke pamodzi. Mmenemo mwala wa matope, shale, umayamba wasanduka slate, pa kutentha kochepa kwa madigiri 200 mpaka 300. Slate ndiye sileti imene agogo ako ankalembapo ku sukulu, ndipo imang'ambika mapalemapale chifukwa cha timica tosaoneka ndi maso tomwe tagona mbali imodzi. Kutentha kukakwera amasanduka phyllite wonyezimira ngati nsalu ya silika, kenako schist amene mica wake amaoneka bwinobwino, kenako nayisi. Pa sitepe iliyonse mwala umataya madzi amene anali omangika m'timibulu take. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene nayisi akafika pamtunda sabwerera kukhala shale: madzi aja anapita, ndipo pozizira zinthu zimasintha mochedwa kwambiri. Njerwa yopsa ukaiviika sibwerera kukhala matope a m'chikombole.

"Bambo mlembi, ndimawerenga tsamba lanu mwezi ndi mwezi ndipo ndimalikonda. Koma mumatchula makilomita makumimakumi pansi pa nthaka ndi zaka mamiliyoni ngati munapitako. Mjigo wa m'mudzi mwathu ndi wa mamita 45 okha. Mumadziwa bwanji zimenezi?" Mkulu wa mpingo, Dedza

Bambo, mwafunsa zoyenera, ndipo munthu wonena zinthu zazikulu chonchi ayenera kuonetsa pamene waponda. Palibe anapitako. Dzenje lakuya kwambiri limene anthu anaboola molunjika pansi ndi la ku Kola, kumpoto kwa Russia. Anayamba mu 1970, ndipo mu 1989 anafika mamita 12,262. Anapeza thanthwe lotentha madigiri pafupifupi 180, kuposa mmene ankayembekezera, ndipo sanathe kupitirira. Sitinafike n'komwe theka la kumene nayisi amapangika. Choncho timadalira mboni, ndipo mboni zake ndi timibulu ta m'mwala.

Woyamba kuzimva bwino anali George Barrow, amene anayenda wapansi m'mapiri a ku Scotland akujambula mapu a miyala, n'kulemba zimene anapeza mu 1893 ndi mu 1912. Anatsata mwala umodzi womwewo, wochokera ku matope, chigwa ndi chigwa. Anaona kuti akamalowera kumpoto mumayamba kuoneka timibulu tatsopano motsatana, ndipo ndondomeko yake sisintha. Lero timaitchula motere: chlorite, biotite, garnet, staurolite, kyanite, pomaliza sillimanite. Anthu atapita ku mapiri a maiko ena anakapeza ndondomeko yomweyo. Zili ngati munthu wodziwa njerwa amene mungamupatse imodzi, iye n'kukuuzani mbali ya uvuni imene inali.

Barrow ankadziwa kuti uku kunatentha kuposa uko, koma madigiri ake sankawadziwa. Manambala anabwera pamene akatswiri anapanga makina otha kufinya ndi kutenthetsa kaufa ka mwala mofanana ndi kunsi, n'kumaona kuti kamubulu kakuti kamamera pa kutentha kwakuti ndi kufinya kwakuti. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ana atatu a mimba imodzi: andalusite, kyanite ndi sillimanite. Zopangira zawo n'zofanana ndendende, aluminium, silicon ndi oxygen pa muyeso umodzi. Chosiyana ndi kumene anakulira. Pamene kufinya kuli kochepa pamamera andalusite. Pamene kufinya kwachuluka pamamera kyanite, amene tizigawo take tathithikana kwambiri. Pamene kutentha kwakwera zedi pamamera sillimanite. Atatuwa amakumana malo amodzi okha, pa madigiri pafupifupi 500 ndi kuya kwa makilomita 14 kapena 15. Kyanite tili naye konkuno, ku Kapiridimba m'boma la Ntcheu, pafupi ndi kwanu. Amaoneka ngati timipeni tobiriwira mwa mtambo, ndipo ali ndi khalidwe lachilendo: mpeni umamukanda motsata utali wake koma umalephera mopingasa. Amene wamutola m'munda wagwira umboni wakuti malo amenewo anali pansi kwambiri.

Pali mboni zina zopita kutali kuposa apa. Mu 1984 katswiri wa ku France Christian Chopin anapeza coesite m'kati mwa garnet ku Dora Maira, m'mapiri a Alps ku Italy. Coesite ndi quartz wofinyika, ndipo kuti apangike pamafunika kuya kwa makilomita pafupifupi 90 kapena kuposa. Mwala umenewo unamira mpaka kumeneko n'kubwereranso pamtunda.

Za zaka, mboni ndi kamubulu kotchedwa zircon, kochepa ngati kamchenga. Pomera kamatenga uranium pang'ono, yemwe uja munkamumva ku Kayelekera, koma kamakana mtovu. Uranium amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika lomwe layezedwa kambirimbiri: mtundu wake wochuluka umatha theka pa zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. Ndiye mtovu umene tikuupeza mu zircon lero unabadwira momwemo, ndipo poyerekeza kuchuluka kwa ziwirizi timawerenga zaka. Manambala amakonzedwa miyeso ikamapita patsogolo, ndipo akatswiri amatsutsana pa zaka mamiliyoni angapo uku ndi uku. Koma ma labotale a maiko osiyanasiyana akayeza mwala umodzi amapeza zoyandikana, ndipo n'chifukwa chake ndimalemba molimba mtima.

"Achimwene, ndatola zinthu zitatu kumtsinje ndi kumunda: timapepala tachikasu tonyezimira mumchenga, timiyala tofiira tozungulira ngati nandolo tomwe tili m'mwala wofewa wonyezimira, ndi mwala wakuda wonona umene umadetsa m'manja ndipo umalemba papepala. Munthu wina wodutsa akufuna kugula tofiirato pa mtengo wa botolo la mafuta ophikira. Ndigulitse?" Mnyamata wa ku Ntcheu

Mphwanga, usafulumire. Mwala sindingautchule motsimikiza ndisanaugwire, koma mmene wafotokozeramu zonse zitatu zikumveka ngati ana a moto ndi kufinya komwe takambaku.

Tachikasuto ambiri amatiyesa golide, koma kawirikawiri ndi mica wakuda uja atachita dzimbiri. Yesa chonchi: ika m'mbale ya madzi, uzunguze. Mica amavina ndi madzi n'kutayika, golide amakhala pansi phee chifukwa ndi wolemera kuposa madzi ka 19. Ukabaya ndi singano, mica amamatuka timapepala, golide amangobonyoka ngati mtovu osasweka.

Tofiirato ndikuganiza kuti ndi garnet, ndipo mwala wofewa wonyezimirawo ndi schist. Yang'ana bwino, garnet sakhala wozungulira ngati nsangalabwi. Amakhala ndi timbali tosalala, kawirikawiri 12 kapena 24, ngati mpira wosokedwa zigamba. Amamera mwala ukafika madigiri pafupifupi 500, ndipo ukaswa schist mosamala uona mizere ya mica ikumulambalala ngati madzi polambalala mwala mumtsinje. Garnet wambiri ndi wong'alukang'aluka, wotsika mtengo, amapangira sandipepa. Koma woyera bwino m'kati, wolowa kuwala ukamuyang'anira padzuwa, amagulidwa ngati mwala wa mtengo wapatali. Ndipo iwe uli ku Ntcheu, boma la phiri la Chimwadzulu, kumene kumachokera ruby ndi sapphire. Amenewo ndi corundum, wolimba kuposa miyala ina yonse kupatula dayamondi, ndipo amakonda kukhala ndi mbali 6 ngati kamgolo. Munthu wodutsa amene akukupatsa mtengo wa mafuta ophikira mwina akudziwa chimene iwe sukudziwa. Tenga zitsanzo upite nazo ku Geological Survey Department, likulu lawo lili ku Zomba, akakuuze chimene uli nacho. Ukafuna kukumba kapena kugulitsa pamafunika chiphaso cha boma, ndipo anthu amene ali m'magulu a okumba miyala amagulitsa bwino kuposa woyenda yekha. Usakumbe mphanga pansi pa gombe la mtsinje. Dothi lonyowa limagumuka osachenjeza.

Wakudayo ndi graphite, mtima wa pensulo. Ndi kaboni wa tizamoyo ting'onoting'ono tomwe tinakwiririka m'matope a pansi pa nyanja zakale. Kutentha kunathamangitsa zina zonse, kaboni n'kudziyala m'timapepala toterereka, n'chifukwa chake amanona m'manja. Dayamondi ndi kaboni yemweyo, koma amafuna kuya kwa makilomita 150 kapena kuposa. Graphite wa ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, amene kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inafufuza, ali mu nayisi amene anafumbwa ndi mvula mpaka kufewa ngati dothi. Ku Kasiya ali pamodzi ndi rutile, amene amapangira utoto woyera ndi chitsulo cha titanium. Graphite akufunidwa kwambiri masiku ano chifukwa cha mabatire a mafoni ndi a galimoto zamagetsi, koma amapindulitsa akakhala wochuluka dera lalikulu. Chidutswa chimodzi cha m'munda sungachigulitse, komabe kachitenge popita ku Zomba, ukawauzenso malo enieni amene unachitola.

"Kodi phiri la Mulanje nalonso linapangidwa ndi kufinyika kumeneku?" Wowerenga wa ku Phalombe

Ayi, bambo, Mulanje ndi wa mtundu wina, ndipo ndi mwana poyerekeza ndi chigwa chimene waimapo. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo chiphalaphala cha moto chinakwera n'kulowa m'kati mwa nayisi wakale uja, koma sichinatulukire kunja. Chinazizira pang'onopang'ono kunsi komweko n'kukhala syenite ndi granite. Miyala yozungulira inaperesedwa msanga, cholimbacho n'kutsala chili njo, mpaka Sapitwa pa mamita 3,002. Phiri la Zomba ndi m'bale wake. Mukadzapita ku Likhubula, nyamulani kachidutswa ka kwale wa mizere m'thumba, mukakagundanitse ndi thanthwe losalala la m'mbali mwa mtsinje. La Mulanje muona timibulu tikulutikulu toloza mbali zonse, chifukwa tinamera momasuka m'chiphalaphala, popanda chozikankha kuti tigone mbali imodzi.